Likongwe ndi Malo a Osabadwa

Kodi mwana amene sanabadwe akaitanidwa pa msonkhano, amamuyankhira ndani? Funso limeneli lidatuluka pa mzere wa kusikelo, ana ali kumsana, koma palibe amene adaliyankha. Mayi wina adati mafunso otere ndi a anthu okhuta. Enafe tidangoyang'ana pansi. Tsono poti yankho lidasowa, nayi nthano. Ine ndikati padangokhala, inu muvomere mumtima kuti tili limodzi.

Padangokhala mzinda wa nyama. Udayamba ndi nyumba zowerengeka, koma nyama zakumidzi zitamva kuti kumzinda kuli ganyu, zidayamba kufika ndi akatundu pamutu. Aliyense ankamanga pamene watula katundu. Wina khomo lake lidapenyana ndi chimbudzi cha mnzake, wina adatseka njira ya kumpopi, ndipo ndewu sizinkatha.

Meya wa mzindawo adali Mvuu. Atatopa ndi milandu, adaitanitsa Nantchengwa, mbalame yodziwa kumanga nyumba za zipinda.

"Amisiri, tikonzereni pulani ya mzinda uno," adatero Mvuu. "Isakhale ya chaka chino chokha ayi. Ikhale yofikira adzukulu a adzukulu athu."

Nantchengwa adayeza mzinda wonse nakhoma zikhomo. Adagawa kuti kuno ndi nyumba, uko misika, uko manda. Koma malo atatu adawakhomera zikhomo zofiira, nawasiya opanda kanthu. Oyamba adali pamtunda, poti padzakhale sukulu ndi bwalo losewerapo ana. Achiwiri adali mzere wautali woti mudzadutse msewu waukulu. Achitatu adali khwawa, loti madzi a mvula azidzatsikiramo madenga akadzachuluka.

"Nanga malo onona chonchi mwasiyira yani?" adafunsa Fisi.

"Ndi a osabadwa," adayankha Nantchengwa. "Lero mukuona ngati ndawataya. Mzinda ukadzadzaza, eni ake adzawafuna."

Nyama zidawomba m'manja. Nantchengwa adauluka kukamanga mizinda ina, ndipo zikhomo zidatsala m'manja mwa Likongwe, amene adali woitana wa khonsolo.

Tsono mzindawo udali ndi lamulo lakale. Wina akalandira puloti n'kuisiya osamangapo, Likongwe ankaima pabwalo la khonsolo n'kumuitana katatu. Akapanda kuyankha, puloti ija inkabwerera ku khonsolo kuti ipatsidwe kwa wina. Lamulo lidali labwino, adalipangira aulesi. Ndipo Likongwe sankaitana wamba. Adali ndi mawu okoma, ankaitana moimba.

Tsiku lina Fisi adafika kwa Likongwe ndi kamtolo kokulunga m'masamba a nthochi.

"Achimwene, pamtunda paja ndi mphepo yokha ikusewerapo. Ine mowa ndili nawo, koma poimika bala ndilibe."

"Zikhomo zofiira zija simukuziona?"

"Ndikuziona. Nanga inu kamtolo aka simukukaona?"

Likongwe adakanunkhiza, naganiza pang'ono.

"Eni malowo mudakumanapo nawo?"

"Ayi."

"Inenso sindidawaonepo. Mubwere kubwalo Lachisanu."

Lachisanu litakwana, Likongwe adagwada pamaso pa Mvuu.

"Bwana Meya, ine ndine wantchito chabe, koma lamulo likundisowetsa mtendere. Pali malo akhala nthawi yaitali eni ake osamangapo, kulambula komwe osalambula. A Kamba tidawalanda puloti chifukwa chochedwa kumanga. Tikawasiya awa, anthu sadzati tikukondera?"

"Nenani, a Likongwe!" adakuwa Kamba ali m'gulu. "Ine mudandilanda ndili m'njira, udzu wofolerera uli kumsana!"

Mvuu adayasamula. "Aitaneni."

Likongwe adayamba nyimbo. Inkayamba pang'onopang'ono ngati yogonekera mwana. Inkaitana eni malo kuti atuluke kumene abisala, adzaonetse nkhope zawo, adzagwire chikhomo chawo. Kenako inkathamanga, ndipo gulu linkavomera kuti sitidawaone. Kovomerako kadali kafupi, kodumphadumpha, koti ngakhale wodwala mwendo amagwedeza chala.

M'gulumo mudali Nkhanga wina, dzina lake Nangozo. Adali atangokwatiwa kumene ndi Mawanga, ndipo ankachita lendi kudera lotchedwa Kumunsi, kunsi kwa khwawa lija. Nyimboyo idamubaya pamtima, koma iye sadazolowere kulankhula pamaso pa akuluakulu. Adadziuza kuti nkhaniyi si yake, poti dzira ngakhale limodzi adali asanaikire. Atayang'ana pansi adapeza kuti mapazi ake akutsatira nyimbo.

Likongwe adaitana katatu, ndipo palibe adayankha. Adazula zikhomo zofiira. Fisi adamanga bala, nazunguliza mpanda wa njerwa, pamwamba pake n'kumata mabotolo oswa.

Mzinda udapitirira kukula. Nangozo adaikira mazira nayamba kuwafungatira. Nthawi yomweyo Nyani, tcheyamani wa mavenda, adafika kwa Likongwe ndi dengu lovundikira, ndipo mbiri idamveka kuti eni malo a msewu aitanidwa.

"Bambo, mupite kubwalo mukayankhe," adatero Nangozo. "Ine sindingachoke pachisa."

"Ndikayankhe kuti chiyani?" adafunsa Mawanga.

"Mukati eni ake alipo, ali pansi pa mapiko anga."

"Akandiseka, Nangozo."

"Akakusekenitu, bola mukayankhe."

Mawanga adapita. Likongwe adaimba koyamba, gulu lidavomera. Adaimba kachiwiri, ndipo Mawanga adakweza phiko nakuwa.

"Tilipo!"

Nyimbo idaduka.

"Ndani ameneyo?" adafunsa Likongwe. "Aa, ndi a Mawanga? Bwerani kutsogolo kuno, alamu, tikuoneni bwino. Abale, taonani wosabadwa uyu. Wafika ndi dazi lake lomwe!"

Bwalo lonse lidafa ndi kuseka.

"Mudabadwa liti, alamu?"

"Kale."

"Ndiye malowa ndi anu?"

"Ayi, ndi a ana anga."

"Ali kuti?"

"Kunyumba. Mayi awo awafungatira."

Likongwe adatembenukira kwa Mvuu. "Bwana Meya, mwamva nokha. Aliyense angathe kunena kuti ali ndi ana kunyumba. Inenso ndinganene kuti ndili nawo odzaza nkhokwe. Mwini malo aoneke ndi maso."

"Aoneke ndi maso," adabwereza Mvuu.

Nyani adasendera kwa Mawanga namunong'oneza kuti mumsika watsopanowo muli benchi yake, azigulitsapo tomato. Mawanga adapukuta dazi lake, nakhala pansi. Likongwe adaimba kachitatu, gulu lidavomera movina, ndipo zikhomo za msewu zidazulidwa. Pasanapite nthawi mzere wonse udadzaza mabenchi ndi zisakasa zothinana, moti wodutsamo ankayenda cham'mbali.

"Mwayankha?" adafunsa Nangozo mwamuna wake atafika.

"Ndayankha."

"Ndiye?"

"Andilonjeza benchi. Ana adzafuna kudya, Nangozo. Msewu sadya."

Nangozo adangotembenuza mazira ake ndi mlomo.

Nguluwe ataona kuti Fisi ndi Nyani zawayendera, sadachedwe. Adafika kwa Likongwe ndi thumba lolemera, nati akufuna khwawa lija kuti alikwirire, amangepo nyumba za lendi. Likongwe adadya za m'thumbamo tsiku lomwelo.

Mbiri itafika Kumunsi, Nangozo adayala nsanza m'lichero, nasanjamo mazira ake, nawafunditsa chitenje.

"Ukupita nawo kuti?" adafunsa Mawanga. "Azizira m'njira!"

"Akakwirira khwawa, madzi adzalowa m'nyumba muno. Pamenepo ndiye adzazizira zenizeni. Anati mwini malo aoneke ndi maso. Akaoneka."

Adafika kubwalo nyimbo itayamba kale. Adadutsa pakati pa gulu lichero lili pamutu, nakalitula pamaso pa Mvuu. Adagwada, navundukula chitenje.

"Bwana Meya, eni malo ndi awa."

Ovomera adasiya kuvomera. Mbewa ndi Achule, amene nawonso ankakhala Kumunsi, adayamba kung'ung'udza kuti zoona, eni ake ndi amenewo. Likongwe adayang'ana Nguluwe, nayang'ana mazira. Adazungulira lichero lija pang'onopang'ono.

"Mwachita bwino, mayi," adatero. "Tawaona ndi maso. Koma lamulo limati woitanidwa ayankhe."

Adawerama naimbira m'lichero momwemo, mawu ali okoma kuposa masiku onse. Kenako adadzuka natambasula manja.

"Ali duu."

"Sali duu," adatero Nangozo. "Bwana Meya, tcherani khutu. Akugogoda."

Mvuu adatsitsa mutu wake waukulu, naika khutu pafupi ndi lichero.

"Akugogodadi," adatero Mvuu modabwa. "A Likongwe, kumeneku ndiye kuyankha. Munthu ali m'nyumba yotseka angayankhenso bwanji?"

Achule adalulutira. Nguluwe adadzuka mokwiya, mano ali panja. Koma Likongwe adawomba m'manja kuposa onse.

"Ndakondwa, Bwana! Ndakondwa kwambiri! Malo apeza eni ake, ntchito yanga yapepuka. Chatsala n'chimodzi chokha, chaching'ono. Khonsolo sipereka malo kwa chinthu, imapereka kwa dzina. Chikhomo chilichonse mumzinda muno chili ndi dzina la mwini wake. Mayi, tiuzeni mayina a ana anu, mmodzimmodzi, mokweza, bwalo limve. Mukatero khwawa ndi lawo."

Amayi achikulire a mbalame adagwira pakamwa. Pakuti mwambo udali wakuti mwana satchedwa dzina asanatuluke m'chikuta, ndipo kwa mbalame chikuta chimayambira m'dzira momwemo mpaka nthenga zoyamba zitaoneka. Onse ankadziwa kuti ukatchula dzina la mwana nthawi isanakwane, zoipa zimamva n'kumutsata.

"Nangozo, usayerekeze!" adakuwa Nkhuku, amene adali mlangizi wa amayi. "Dzira lotchedwa dzina limawola osaswa. Udzalira wekha!"

"Tchulani, mayi!" adakuwa Mbewa. "Tchulani, tonse tipulumuke!"

Mayina Nangozo adali nawo. Adawasankha yekha masiku onse amene adakhala pachisa, dzira lililonse dzina lake, ndipo ngakhale Mawanga sadamuuze. Adatsegula mlomo, nayang'ana mazira aja. Limodzi lidagogoda.

"Musafulumire, mayi," adatero Likongwe motsitsa mawu. "Ine sindikukakamizani. Koma akawola, musadzati ndi Likongwe."

Nangozo adatseka mlomo. Adakwawira pafupi ndi Mvuu.

"Bwana Meya, ndapota nanu, dikirani pang'ono. Atsala pang'ono kuswa. Akatuluka m'chikuta ndidzabwera nawo ndi mayina awo."

Mvuu adayang'ana Likongwe.

"Lamulo limati katatu, Bwana. Za kudikira silinena. A Kamba tidawadikira?"

"Simudandidikire!" adakuwa Kamba.

Mvuu adausa moyo. "Pepani, mayi. Komanso ine sindikumvetsa. Madzi ndi chinthu choopa? Ine ndimagona momwemo."

Likongwe adaimba kachitatu. Poyamba kuvomera kudali kwa pansipansi, ngati kwa anthu ochita manyazi. Kenako antchito a Nguluwe adakweza mawu, ena nawatsatira, mpaka bwalo lonse lidavomera kuti eni malo sitidawaone, pamene lichero lidali pomwepo pamaso pawo. Nangozo adafunditsa mazira ake, nasenza, nabwerera Kumunsi.

Nguluwe adakwirira khwawa ndi miyala ndi zinyalala, namanga nyumba za njerwa zogundana misana. Zidadzaza alendi denga lisanathe.

Mazira a Nangozo adaswa onse, palibe lidawola. Nkhuku adabwera kudzaona anapiye.

"Waona? Ukadatchula mayina tsiku lija, bwenzi lero ukulira."

Nangozo adavomera ndi mutu. Adakonza kuti Loweruka anapiye adzatuluke m'chikuta, adzalandire mayina. Mawanga adagula mapira a thobwa ndi phindu la pabenchi paja.

Koma mvula sidadikire Loweruka. Idayamba masana, mzinda wonse uli m'maso, ndipo idagwa osapumira. Madzi ochokera pa madenga onse adathamangira ku khwawa monga mwa kale, napeza khoma la Nguluwe. Adakhota. Adatsikira Kumunsi, nalowa m'nyumba popanda odi.

"Ana, tsatireni!" adakuwa Nangozo. Iye adatsogola, Mawanga adatsalira kumbuyo, anapiye ali pakati.

Adathamangira kumene kudayenera kukhala msewu waukulu. Adapeza mabenchi, zisakasa, ndi Anyani akukanganirana madengu awo. Nyama zonse za Kumunsi zidapanikizana pa kanjira kamodzi. Anapiye ena adalowa kunsi kwa mabenchi, ena adapondedwa, ndipo mzere wawo udaduka.

Otsalawo Nangozo adakwera nawo pamtunda. Adapeza mpanda wa Fisi, chipata chili chotseka.

"Odi, a Fisi! Tsegulani, madzi atipeza!"

Fisi adasuzumira pamwamba pa chipata. "Muli ndi ana?"

"Inde, bambo, makanda!"

"Ana salowa m'bala, mayi. Ndi lamulo la khonsolo. Mukufuna anditsekere bizinesi?"

Madzi adafika m'mawondo, kenako m'chifuwa. Anapiye adayandama ngati thonje, wina uku, wina uko. Pafupi pomwepo Nkhuku ankaitana ana ake ndi mayina awo, ndipo aliyense akamva lake ankayankha, mayi n'kukamugwira. Nangozo nayenso adakweza mawu. Adatchula mayina aja onse amene adawasunga mumtima, limodzilimodzi, mokweza, mzinda wonse ukumva. Koma anapiye ake mayinawo adali asanawamvepo. Sadadziwe kuti oitanidwawo ndi iwo. Palibe adayankha.

Madzi ataphwa, adapeza Mawanga atakola pa nthambi, phiko limodzi litathyoka. Pansi pa phiko linalo padali mwanapiye mmodzi, wonyowa, akupuma. Ameneyo yekha ndiye adatsala. Nangozo sadamupatse dzina lililonse la mayina aja. Adamutcha Nditani.

Maliro atatha, Mvuu adaitanitsa msonkhano. Adalankhula misozi ikulengeza m'maso.

"Abale, pulani yakale ija yatilephera. Taonani zimene zachitika. Tikufuna pulani yatsopano, yoona patali kuposa yoyamba. A Nantchengwa ali kutali. Ndani pano akudziwa za zikhomo?"

Onse adayang'ana Likongwe.

"Ine ndine wantchito chabe, Bwana," adatero Likongwe atagwada. "Koma poti mwanena ndinu."

Likongwe adayeza kunja kwa mzinda, kumene nyumba zidali zisanafike. Adakhoma zikhomo zofiira zambiri kuposa za Nantchengwa. Adasiya malo a sukulu, malo a msewu, malo a madzi, ndi ena otambalala oti pakhale nyumba za mibadwo yakutsogolo. Adalengeza pabwalo kuti onsewo ndi a osabadwa, ndipo wowakhudza adzaona zakuda. Nyama zidawomba m'manja mpaka manja kuwawa.

Pamenepo Nangozo adatuluka m'gulu akutsogoza Nditani. Nyumba yawo idali itagwa, ndipo ankagona m'khonde mwa anthu.

"Bwana Meya, a Likongwe, ndabweranso. Nayu mwana. Akuoneka ndi maso. Dzina ali nalo, ndi Nditani. Muitaneni mumve ngati sayankha. Ndikupempha kachigawo kakang'ono pa malo a anawo, akulirepo."

Likongwe adawerama, namwetulira.

"Nditani!"

"Wawa, bwana," adayankha mwanapiye.

"Ha, mwana waulemu! Mwalera bwino, mayi." Likongwe adadzuka napukuta mawondo. "Koma pepani. Uyu wabadwa. Malo awa ndi a osabadwa. Tikayamba kugawira obadwa, adzukulu athu adzapeza chiyani? Kodi tsoka lija silidatiphunzitse kanthu?"

Gulu lidang'ung'udza movomereza. Ena adati Likongwe ndiye amaganizira zam'tsogolo. Mvuu adagwedeza mutu kuti n'zoona. Ndipo kumbuyo kwa bwalo Fisi adali ataima kale, kamtolo kena kali m'khwapa, akudikira kuti anthu abalalike.

Nangozo adatenga mwana wake ndi mwamuna wake wothyoka phiko, natuluka mumzinda. Kuyambira pamenepo nkhanga imaikira mazira kutchire, pobisika, ndipo mukaiona m'mbali mwa msewu imangothamanga ndi ana ake, yopanda khomo. M'mawa ndi madzulo imaima n'kukuwa mosalekeza. Ena amati ikungosokosa. Koma ikuitana mayina aja, limodzilimodzi, kuti mwina wina angayankhe.

Nthano yanga yathera pamenepa. Kuseri kwa nyumba zathu kuno kuli kamalo kopanda kanthu kamene ana amathamangirapo, ndipo masiku ano kukumabwera anthu ndi zingwe zoyezera. Ndili ndi pempho limodzi kwa inu. Mukamva kuti aitanitsa msonkhano wa malo, musanditsogolere, mudzandigogodere pakhomo. Ndekha ndimachita mantha kulankhula pagulu. Tipite limodzi ndi ana athu kumsana, tikakhale kutsogolo, ndipo wina akakayambitsa nyimbo yokoma, tisakafulumire kuvomera.